Duwa Amange Chiliza cha Bambo Ake

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Buku ili linali la malemu amuna anga, a Greyson. Ankalembamo mvula, matenda a mbuzi, tsiku lobzala. Masamba otsala ambiri. Tsopano ndi langa. Ine Molly wa kuno ku Chileka. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndimatha dzina langa lokha. Ogwira cholembera ndi anzanga a Saida a nyumba yoyandikana, amene anafika Sitandade 8 kalelo sukulu ili sukulu. Tapangana: alembe mmene ndanenera, osakometsa, osauza munthu. Alumbira pa Chisilamu chawo, ine pa Chikhristu changa.

Nkhani ndi iyi. Kuchimuna ku Lirangwe, kumene anagona a Greyson, aika tsiku lomanga chiliza. Loweruka, 7 Sepitembala. Zaka ziwiri chimwalirireni. Simenti anyamata anga a ku Joni atumiza kale.

Dzulo foni ya Duwa, mwana wanga wotsiriza. Ali chaka chachiwiri pa kakoleji ka ntchito zamanja kufupi ndi Lirangwe komweko. Amaphunzira zomangamanga. Akuti, “Amayi, musafune mmisiri. Chiliza cha ababa ndimanga ine.”

Ndinachita kukhala pansi. Mwana uja anabwera kuchokera ku ukwati osatha kuyankha ndi moni yemwe.

Lembani kuti ndavomera. Zilembo zikuluzikulu.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Dzulo ku Lirangwe. Minibasi mpaka pa Kameza, ina yodutsa ku Lunzu. Fumbi. Miyendo kutupa. Msonkhano pansi pa mango kwa alamu anga a Mackson, mng’ono wawo wa malemu. Oyendetsa zonse kumeneko ndi iwo.

Ndinanena mwaulemu, nditagwada. Anaseka. Ataona kuti ine sindikuseka, anasiya. Akuti mwambo wa kwawoko ndi wodziwika. Pomanga chiliza akazi amatunga madzi, kutula pansi pa mkuyu wa m’malire a manda, n’kubwerera. Olowa ndi amuna, ndiponso ife nkhalamba zosiya kubereka, kuti tikasese. Mkazi wa msinkhu wobereka akagwira ntchito pakati pa mitumbira, mimba imatseka.

Mawu awo enieni, a Saida, musasinthe: “Mwanayu ukwati unatha chifukwa chosabereka. Alamu, mukufuna mukhomeretu chitseko?”

Pamaso pa anthu. Azilamu aakazi maso pansi.

Ine ndinati, “Mwamuna anamusiya uja wakwatira kawiri tsopano. Mwana wake ali kuti?”

Mmisiri akuti ali naye kale. Yemwe uja anawamangira khitchini yopendekeka ngati munthu wochokera ku kachasu. Ameneyo agwire pamutu pa a Greyson? Munthu amene ankasita ndi mpango womwe wa m’thumba?

Thobwa lawo sindinamwe.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Nkhani yafika kale kuno. Kuchigayo, pamjigo. Wina wa ku Mvano akuti, “Mukanamupititsa kosoka, bwenzi zonsezi kulibe.” Ndinamufunsa ngati chiliza amasoka.

Ndinene za kolejiyo, zikhale m’buku. Duwa Fomu 4 sanakhoze. Ukwati zaka zinayi ku Madziabango. Anabwera ndi chikwama chimodzi, mawu ayi. Kukhala kuseri kwa nyumba, kuyang’ana ndege zikutera, tsiku lonse. Bambo ake akudwala, ndi iwo anamva za kakolejiko pa wailesi. Anati apite akaphunzire chilichonse, ngakhale kusula makasu, bola azidzuka ndi kolowera. Sanadikire kuti aone. Anamwalira kalata yomuitana isanafike.

Kusoka kunali kutadzaza. Malo otsala a zomanga. Anangolowa.

Chimene sindinauze munthu ndi ichi. Ndikamapalira m’dimba mawu a alamu aja amabwera. Nanga zitakhala zoona? Nanga nditamutsekera ndine, chifukwa cha kunyada kwanga? Ndimafuna mdzukulu wa kwa Duwa. Ndimamufuna kwambiri.

A Saida aima kulemba, akundiyang’ana. Lembani, inu. Mantha nawonso ndi anga.

Lolemba, 19 Ogasiti

Duwa anabwera Loweruka, wabwerera dzulo masana. Anabwera ndi mnzake Rahima, wa ku Chigaru. M’gulu mwawo ali anthu asanu ndi atatu, akazi ndi awiriwa basi. Rahima wamfupi, mpango wake wa Chisilamu womanga bwino, pakamwa ngati wailesi. Amanditcha “a masiteni”. Ndinaletsa kawiri, kachitatu ndinangoyankha.

Manja a Duwa. Zikhatho zolimba ngati chigoba cha malambe. Ndinagwira nthawi yaitali.

Rahima ndiye anaulula zimene mwana wanga anandibisira. Akuti temu yoyamba Duwa anamanga katundu kawiri kuti athawe. Matuza m’manja, khoma lake kugwetsedwa ndi aphunzitsi kasanu, anyamata kuseka. Ulendo wachiwiri Rahima anakhalira chikwamacho kuyambira mmawa mpaka minibasi zitatha. Ndipo mnyamata amene ankaseka kwambiri, Chande, ndi amene pambuyo pake ankatsala naye ena akaweruka, kumugwirira chingwe mpaka khoma liwongoke. Tsopano akuti pa kona palibe womuposa Duwa pa gulu lonse.

Zonsezi ine osadziwa. Pa foni ankangoti zili bwino.

Ndinamuuza mawu a alamu, onse, osachotsera. Ndinkaopa kuti abwerera kuseri kwa nyumba kuja. Ayi. Anamaliza kusenda mbatata yake. Akuti, “Amayi, zaka zinayi ndinakhala kutali ndi manda, ndinabereka?” Rahima kuseka mpaka kutsamwa.

Ine ndinati tipite tonse tikaswe mutu wa nkhaniyi, ngakhale kwa abusa. Iye akuti ayi, akakambirana kaye ndi gulu. Kumapeto kwa chaka gulu lililonse limamanga chinthu chimodzi m’mudzi, aphunzitsi n’kubwera kudzachonga. Ena amanga thanki, ena masitepe a tchalitchi. Gulu lawo linavota, onse asanu ndi atatu, chiliza cha a Greyson. Munthu amene sanamuonepo. Folomani wa ntchitoyo ndi Duwa.

Amangoti “ife”. Ife tiona, ife tikamba. Kale “ife” tinali ine ndi iye. Zinandilasa pang’ono. Pang’ono pokha.

Asanapite anakonza sitepe ya pakhonde yomwe inandigwetsa chaka chatha. Osawatuma.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndakwiya. Lembani choncho poyamba.

Anawo anapita okha kwa a Mackson Lachitatu, atavala maovolosi awo abuluu. Wolankhula Abdulrahman, wamkulu pa onse, bambo wa ana awiri, kale ankayendetsa kabaza. Agwirizana zotere. Mmisiri wa khitchini uja asiyidwe. Mwala wapamwamba ndi wa kumutu aumbiretu kukoleji, Duwa ndi manja ake. Tsiku lomanga anyamata asanu ndi mmodzi alowe kumanda. Duwa ndi Rahima aime pa mkuyu paja, pamodzi ndi zidebe za madzi.

Pa mkuyu! Mwana wa malemu, folomani, aime ndi zidebe, alendo akugwira manda a bambo ake. Ndinamukalipira pa foni mpaka yuniti inatha. Ndinati kukolejiko akuphunzitsani kugonja? Anaimbanso iye. Mawu ozizira. Akuti, “Amayi, khoma sakankha ndi mutu. Theka talanda kale.”

Ndiye akuti pali china. Pagulu pawo lamulo ndi lakuti palibe chosiyidwa kuti chiume folomani asanaikepo levulo, kachida koonera ngati chinthu chakhala mowongoka. Folomani akalephera kufika, amatuma munthu mmodzi, maso ake. Nkhalamba zimaloledwa kulowa kumanda. Tsono akufuna ine. Ndipite kukoleji ndikaphunzire levulo.

Ndinati ine si wa ganyu wa a Mackson. Alowe mwini wake kapena zikhale.

Loweruka, 24 Ogasiti

Sindipita.

A Saida akuti ndiganize. Ndawauza kuti ntchito yawo ndi cholembera.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Ndinapita. Lachiwiri, ndabwera dzulo.

Musaseke, a Saida. Ndinapita kukaona mwalawo basi.

Kakoleji kenikeni. Midadada itatu, shedi ya malata, mjigo umodzi, mbuzi za aphunzitsi zikuyenda pabwalo. Ine ndinkayesa nyumba zosanja. Koma posesa bwino. Aliyense amadziwa dzina la mnzake, ndi la mlonda lomwe. Ndikulowa pageti, atsikana a kosoka akuti, “Mayi ake a Folomani afika!” Ndinawongola msana.

Mwala uli m’shedi, wofunditsidwa masaka onyowa. Amauthirira mmawa ndi madzulo mosinthana, mayina analemba pa khoma, wa lero wa mawa. Rahima anavundukula. Wosalala ngati mbale. Pa wa kumutu, zilembo. Sindiwerenga, koma G wa a Greyson ndimamudziwa, ndinkamuona pa makalata. Duwa anadinda yekha simenti ili yaiwisi. Ndinayendetsa chala m’menemo. Anawo anatuluka onse mwakachetechete, kundisiya. Ana olera bwino, kaya ndi a yani.

Kenako sukulu. Ine, zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, pa benchi ya koleji. Levulo ndi kathabwa kachitsulo, pakati kagalasi, m’kagalasimo madzi, m’madzimo kathovu. Kathovu kakakhala pakati pa timizere tiwiri, chinthu chawongoka. Kakathawira uku, mbali imeneyo yakwera. Basi. Ndinati zaka ziwiri mukuphunzira zimenezi? Chande akuti, “A masiteni, inu ndi jiniyasi, mawa mutiphunzitse ndinu.” Anandiveka chipewa chawo cholimba chija pamwamba pa duku. Anajambula. Chithunzicho chisafike ku Mvano.

Anandiyesa. Ankaika kamwala pansi pa thabwa mobisa, ine ndinene mbali yokwera. Kakhumi, ndinakhoza kasanu ndi kanayi. Kamodziko Chande anabera.

Chakudya amasonkha. Wina ufa, wina nandolo, wina bonya. Mbale imodzi yaikulu, Asilamu ndi Akhristu. Nkhumba salowetsa pagulupo chifukwa cha anzawo, ndipo Lachisanu masana Abdulrahman ndi Rahima akapita kokaswali, ntchito yawo ena amagwirira. Palibe analamula. Anangozolowerana.

Ndinamuona Duwa akugawa ntchito. Sakuwa. Amangoti, “Amwene, apa bwerezani,” mwamuna wandevu n’kugumula, kuyambiranso. Mwana wanga. A Greyson, mukanaona.

Pobwera anandipatsa levulo yakale ndizikayeserera. Ndinalandira. Koma za mkuyu zija sindinavomere. Mumtima ayi.

Lolemba, 2 Sepitembala

Dziko lonse ndi lopendekeka. Tebulo langa. Bedi. Windo la a Saida, ngakhale akukana. Benchi yathu ya kutchalitchi, ndinayesa anthu asanabwere, kathovu kanathawira kwa azibambo. Chowongoka pamudzi pano ndi sitepe ya Duwa yokha.

Mbuzi yabereka awiri. Mphepo yayamba kutentha.

Uthenga wochokera ku Lirangwe: alamu akuti ndikumbukire tsache. Ndawayankha kuti tsache ali nalo kwawoko, ine ndikubwera ndi chida.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Ndinyamuka masana ano. Yunifolomu ya Mvano ndasita, bulauzi woyera, duku loyera. Levulo ndakulunga m’chitenje.

Duwa pa foni mmawa: “Amayi, mukangoona kathovu, mukweze dzanja, ine ndiona ndili pa mkuyu. Musakayambane ndi munthu.” Ndinati ndamva. Kumva ndinamvadi.



Lolemba, 9 Sepitembala

Ndinabwera dzana usiku. Khalani bwino, a Saida, ndi yaitali. Ndinena mwadongosolo.

Loweruka mmawa kalole ka koleji kanabweretsa miyala iwiri ija, njerwa, mawilibala. Akazi kutunga madzi, kutula pa mkuyu. Duwa ndi Rahima pomwepo, m’maovolosi, pakati pa zidebe. Kuchokera pa mkuyu kufika pa mtumbira wa a Greyson, mapazi ngati makumi atatu. Kuonana kumatheka, kumvana mpaka kukuwa.

Tinalowa. Anyamata asanu ndi mmodzi, alamu a Mackson ndi amuna a pamudzi, akulu ampingo awiri, ine. Anyamata anavula zipewa. Abdulrahman anapempha kaye kwa eni manda, mwaulemu, ndipo alamu anagwedeza mutu. Anakumba maziko, kuyala njerwa. Mzere uliwonse ine levulo, kukweza dzanja, Duwa kukweza lake kutaliko. Mizere inayi. Amuna a pamudzi poyamba kuseka, kenako kusuzumira pa phewa langa.

Dzuwa lili pamutu anakanda simenti yomaliza, kuyala pamwamba pa njerwa, kunyamula mwala waukulu uja anthu asanu ndi mmodzi, kuukhazika. Apa ndiye pofunika changu. Simenti ikagwira mwala uli wopendekeka, wapendekeka mpaka Yesu adzabwere.

Ndinaika levulo m’litali. Ndinawerama.

Ndisananene china, ndinayang’ana ku mkuyu. Mwana wanga ataimirira pa zala, khosi kutalika, dzanja pamphumi, kufuna kuona manda a bambo ake pakati pa misana ya anthu. Ngati wopempha pa mpanda wa ukwati wa eni.

Ndinadzuka. Ndinati, “Sindikuona. Maso achita chifunga.”

Alamu akuti pukutani. Ndinapukuta. Ndinati chifunga chokhachokha, ukalamba. Akuti ndiye mnyamata mmodzi ayang’ane, tithane nazo.

Apa mulembe bwino, chifukwa sitinapangane. Mulungu ndi mboni, anawo sindinawauze kanthu. Chande anandiyang’ana kamodzi. Kenako anaika mpeni wake womangira pansi. Akuti, “Pepani madala, ife maso athu saloledwa. Ndi a folomani kapena amene atumidwa. Tikaphwanya, tonse talephera mayeso.” Abdulrahman anakhala pa wilibala, kupinda manja. Ena onse pansi, mmodzimmodzi. Anyamata amene levulo amaiwerenga ali m’tulo.

Alamu anatenga levulo okha. Kuitembenuza uku, uku. Sanadziwe poyang’ana. Amuna a pamudzi aliyense maso kumitengo. Abdulrahman anakanda simenti ya m’mphepete ndi chala, kuonetsa kuti yayamba kuuma. Akuti, “Mphindi khumi, bambo. Kupitirira apo, sitiyankhapo.”

Alamu anandiyang’ana nthawi yaitali. Ine ndinawayang’ananso, ndi maso anga a chifungawo. Mkulu wampingo mmodzi anatsokomola, akuti iye m’Baibulo sanapezemo mkuyu wa malire. Mnzake anamugwira mkono kuti akhale chete.

Kuvomera sanavomere. Musalembe kuti anavomera. Anaika levulo pa mwala, akuti, “Ine ndikukaona za chakudya kumudzi. Zochitika kuno sindikuzidziwa.” Anatuluka njira ya kuseri, yosadutsa pa mkuyu.

Ndinakuwa, mawu onse a m’kwaya yakale: “Duwa! Bwera kuno, bambo ako akupsa ndi dzuwa!”

Sanathamange. Anaima kaye. Mwa akazi a pa mkuyu wina anamugwira ovolosi, Rahima anachotsa dzanjalo. Ndipo ine pamenepo mantha aja anandibwerera onse, a mimba aja. Pang’ono ndikuwe kuti bwerera. Ndinaluma mlomo. Anabwera yekha, pang’onopang’ono, kulambalala mitumbira, osaponda ndi umodzi womwe.

Anagwada. Anayang’ana levulo pamene inali. Anandiyang’ana ine. Kenako anaitembenuza, kuiika chopingasa. Ine za chopingasa ndinali nditaiwaliratu. Kumeneko kathovu kanali katathawira kumanzere. Anagogoda ndi chigwiriro cha mpeni, katatu, kanayi. Kanabwerera pakati. Akuti, “Amwene, wa kumutu tsopano.” Anyamata dzambatu, ntchito. Mwala wa dzina anaimika ndi manja ake, kusalaza m’mbali ndi chala chake. Atamaliza anagoneka chikhatho pa dzinalo, akuti, “Ababa, ndine.” Chande, wa nthabwala uja, anatembenukira kutchire, akuti simenti yamulowa m’maso.

Akulu ampingo anapemphera. Kumudzi alamu sanadye nafe. Azilamu aakazi ena sanandipatse moni wotsanzika, mmodzi yekha anandifinya dzanja kuseri kwa nkhokwe. Uthenga wanditsatira kale: ndisadzapondenso pakhomo pawo mpaka tikambirane, ndipo chikadzamuchitikira mwanayo, mlandu ndi wanga. Chabwino. Ndi wanga. Ndinamubereka ndine.

Duwa anandiperekeza pa siteji. Mawu amodzi okha: “Amayi, maso aja tikapimitse?” Ndinati ndi bwino tsopano, chifunga chatha. Anaseka mpaka kugwira mtengo. Kuseka kumene sindinakumve chichokereni ku Madziabango. Kenako anakwera kalole ndi anzake, kubwerera kukoleji. Ali ndi mayeso Lachitatu.

A Saida akufunsa ngati alembe zenizeni, poti buku limatha kugwa m’manja mwa anthu. Lembani. Kathovu ndinakaona. Kanali pakati penipeni, koyera ngati diso la nkhunda. Ndinanama kumanda, pamaso pa akulu ampingo, nditavala yunifolomu ya Mvano, amuna anga ali pansi pa mapazi anga.

Lamulungu likubwerali kuli Mgonero. Ndikadya.